Mmene mungawerengere mndandanda wa ligi ndi kulondola nawo mbiri ya timu ya mpira

Mndandanda wa matimu m'ligi umaoneka ngati chinthu chosafuna mphunzitsi, pakuti ngakhale mwana amadziwa kuti timu imene ili pamwamba ndiyo ikuchita bwino, ndipo imene yatsalira kumchira ndiyo ili m'madzi. Zinthu zimayamba kuvuta pamene munthu wafuna kutenga mindandanda ya zaka zambiri kuti afotokoze nayo mbiri ya timu imodzi, chifukwa kaperekedwe ka mapointi, chiwerengero cha matimu, njira yolekanitsira matimu ofanana mapointi, ngakhalenso mayina a magawo a ligi, zonsezi zakhala zikusintha. Mndandanda uliwonse umanena zoona potsata malamulo a chaka chake chokha, motero wolondola mbiri ayenera kuyamba wadziwa malamulowo asanayerekeze chaka china ndi chinzake. Zitsanzo zambiri pano zichokera ku England, kumene ligi inayamba m'chaka cha 1888, ndipo timu imene tiziitsatira kwambiri ndi Leicester City, popeza inalawapo zonse: kutsika, kukwera, kupulumukira mkamwa mwa mbuzi ndi kutenga ligi.

Yambani ndi mzere umodzi

Musanayang'ane mndandanda wonse, tengani mzere wa timu imodzi ndipo muuwerenge kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Mindandanda yambiri imalembedwa ndi zilembo zoimira mawu a Chingerezi. Chilembo P chimaimira masewero amene timuyo yasewera, W ndi amene yapambana, D ndi amene yafanana mphamvu ndi inzake, ndipo L ndi amene yagonja. Kenako pamabwera GF kapena F, zomwe ndi zigoli zimene yagoletsa, GA kapena A, zigoli zimene yachinyitsa, GD, kusiyana kwa ziwirizi, ndipo kumapeto kuli Pts, mapointi onse.

Mzere wa Leicester City pakutha kwa sizoni ya 2015/16 unali wotere: masewero 38, kupambana 23, kufanana mphamvu 12, kugonja 3, zigoli zogoletsa 68, zochinyitsa 36, mapointi 81. Tengani cholembera muyese manambalawa. Mukaphatikiza 23, 12 ndi 3 mupeza 38, kusonyeza kuti palibe masewero amene asowa. Mukachulukitsa 23 ndi mapointi 3 a wopambana mupeza 69, ndipo mukaonjezapo pointi imodzi pa masewero alionse mwa 12 ofanana mphamvu mufika pa 81. Mukachotsa 36 pa 68 mutsala ndi 32. Kuyesa kumeneku kumangotenga kamphindi, koma ndi kumene kumakugwirirani zolakwika za wokopera, ndiponso kumakuululirani timu imene inalandidwa mapointi, monga tionera kutsogoloku.

Mndandanda wonse nawo uli ndi muyeso wake. Masewero onse opambana, mukawaphatikiza kuchokera pamwamba mpaka pansi, ayenera kufanana ndi onse ogonja, chifukwa aliyense wopambana amasiya wina atagonja. Zigoli zonse zogoletsa ziyenera kufanana ndi zonse zochinyitsa, ndipo masewero ofanana mphamvu ayenera kugawika pawiri popanda chotsala. M'ligi ya matimu 20 amene amakumana kawiri, pakwawo ndi koyenda, timu iliyonse imasewera masewero 38 ndipo onse pamodzi amakwana 380. Bundesliga ya ku Germany ili ndi matimu 18, choncho timu iliyonse imasewera 34.

Ligi ili mkati

Mndandanda wa pakati pa sizoni umanyenga mosavuta kuposa wa kumapeto, ndipo poyamba poyang'ana ndi pa chilembo P. Timu imene ili ndi mapointi 40 itasewera masewero 20 sili pamwamba kwenikweni pa ina ya mapointi 38 imene yasewera 18 okha, koma nayonso yachiwiriyo isayesedwe ngati yakolola kale mapointi 6 a masewero amene yatsala nawo, chifukwa mpira sulonjeza. Choyenera kuchita ndi kugawa mapointi ndi masewero: yoyamba ikupeza mapointi 2 pa masewero alionse, pamene yachiwiri ikupeza 2.11. Funsaninso kuti ndani wakumana kale ndi matimu akuluakulu, ndipo ndani watsala ndi maulendo ambiri a koyenda.

Kuti mudziwe ngati timu yatenga kale ligi kapena yatuluka kale, werengani mapointi ochuluka zedi amene yopikisana nayo ingafikepo itapambana masewero onse otsala. Pa 1 May 2016 Leicester City inafanana mphamvu ndi Manchester United 1-1 ku Old Trafford nkufika pa mapointi 77 itasewera masewero 36. Tsiku lotsatira Tottenham Hotspur, imene inali pambuyo pake, inalepherana ndi Chelsea 2-2 nkufika pa mapointi 70, nayonso itasewera 36. Masewero awiri otsala akanaipatsa Tottenham mapointi 6 basi, kutanthauza 76, ndipo 76 sangapose 77. Motero Leicester inakhala akatswiri usiku umenewo osewera ake asanavale nsapato.

Kumchira nako ochemerera ali ndi mawu awo akuti timu ikafika pa mapointi 40 mu Premier League yapulumuka. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma si lamulo, pakuti West Ham United inatuluka mu 2002/03 ili ndi mapointi 42. Malire enieni ndi mapointi a timu ya pa nambala 18, yomwe ndi yapamwamba mwa matimu atatu otuluka, ndipo amenewa amasintha chaka ndi chaka.

Matimu akafanana mapointi

Apa ndi pamene muyenera kufunsa malamulo a ligi imene mukuwerengayo, chifukwa maiko sagwirizana pa nkhaniyi. Ku England amayamba ndi kusiyana kwa zigoli, kenako kuchuluka kwa zigoli zogoletsa. Mu 2011/12 Manchester City ndi Manchester United onse anamaliza ndi mapointi 89, koma kusiyana kwa zigoli kwa City kunali 64 pamene kwa United kunali 56, ndipo chikho chinapita kwa City. Mu 1988/89 zinafika pothina kwambiri. Arsenal ndi Liverpool anafanana mapointi, 76, anafanananso pa kusiyana kwa zigoli, 37, ndiye Arsenal inatenga ligi chifukwa inagoletsa zigoli 73 pamene Liverpool inagoletsa 65. Matimu awiriwa anakumana okhaokha pa masewero otsiriza ku Anfield pa 26 May 1989, Arsenal ikufunika kupambana ndi zigoli ziwiri, ndipo chachiwiricho anagoletsa ndi Michael Thomas nthawi itatsala pang'ono kutha.

Ku Spain amayamba ndi zotsatira za pamene matimu ofananawo anakumana okhaokha. Mu 2006/07 Real Madrid ndi Barcelona onse anapeza mapointi 76, ndipo Barcelona inali patsogolo kwambiri pa kusiyana kwa zigoli, 45 pamene Real inali ndi 26. Ukanakhala mndandanda wa ku England, akatswiri akanakhala Barcelona. Koma Real inapambana 2-0 pakwawo nkukafanana mphamvu 3-3 ku Camp Nou, choncho inakhala pamwamba. Munthu wosadziwa lamuloli akhoza kuganiza kuti wolemba mndandandawo anasokoneza mizere.

Mindandanda yakale ya ku England ili ndi msampha wina. Kufikira m'chaka cha 1976, sankachotsa zigoli zochinyitsa pa zogoletsa, koma ankagawa zogoletsa ndi zochinyitsa. Njira imeneyi inkakomera timu yotchinga bwino kumbuyo, chifukwa kupambana 1-0 kunkapindula kuposa kupambana 4-3, ngakhale kusiyana kwake ndi chigoli chimodzi ponseponse. Mu 1923/24 Huddersfield Town ndi Cardiff City anafanana pa mapointi 57. Huddersfield inagoletsa 60 nkuchinyitsa 33, Cardiff inagoletsa 61 nkuchinyitsa 34. Mukagawa, Huddersfield ipeza 1.818 ndipo Cardiff ipeza 1.794, ndiye ligi inapita ku Huddersfield. Mukachotsera monga amachitira lero, onse atsala ndi 27, ndipo Cardiff ikhala pamwamba chifukwa cha chigoli chimodzi choposa. Ambiri amaimira pomwepa nkunena kuti Cardiff inalakwiridwa ndi malamulo akale, koma amaiwala kuti lamulo la mapointi nalo linasintha. Huddersfield inapambana masewero 23 nkufanana mphamvu 11, pamene Cardiff inapambana 22 nkufanana mphamvu 13, ndipo pa mapointi 3 a masiku ano Huddersfield ikanapeza 80, Cardiff 79. Ngati mwaganiza zowerenga mndandanda wakale ndi malamulo atsopano, sinthani malamulo onse, osati lokhalo limene likukomera timu yanu.

Mapointi awiri ndi mapointi atatu

Ku England wopambana ankalandira mapointi 2 kufikira m'chaka cha 1981, pamene anayamba kupereka 3 pofuna kuti matimu asamakhutire ndi kufanana mphamvu. Mpikisano wa World Cup unayamba kutsata njirayi mu 1994, ndipo maligi ambiri otsala anasintha cha m'ma 1995. Chifukwa cha ichi, mapointi 60 a mu 1975 ndi mapointi 60 a mu 2005 si chinthu chimodzi. Chiwerengero cha masewero nacho chinasintha, pakuti Premier League inayamba mu 1992 ndi matimu 22 osewera masewero 42, nkutsika kufika pa matimu 20 mu 1995.

Njira yabwino yoyerekezera zaka zotalikirana ndi kuchita zinthu ziwiri. Choyamba, werengeraninso mapointi a sizoni iliyonse pa muyeso umodzi, mapointi 3 kwa wopambana ndi pointi imodzi pofanana mphamvu. Chachiwiri, gawani mapointiwo ndi masewero. Preston North End, akatswiri oyamba a mu 1888/89, inasewera masewero 22 m'ligi ya matimu 12, inapambana 18, inafanana mphamvu 4, osagonja nkamodzi komwe, ndipo mndandanda umaonetsa mapointi 40. Pa muyeso wa lero amenewa ndi mapointi 58, omwe ndi 2.64 pa masewero alionse. Manchester City ya 2017/18, imene inafika pa mapointi 100 m'masewero 38, inapeza 2.63. Arsenal ya 2003/04, imene inamaliza osagonja itapambana 26 nkufanana mphamvu 12, inapeza mapointi 90, omwe ndi 2.37. Manambalawa akusonyeza mmene timu iliyonse inaposera anzake a m'nthawi yake, ndipo asakupusitseni kuti akunena amene akanapambana matimuwa atakumana, chifukwa osewerawo anasewera ndi adani osiyana, pa mabwalo osiyana, ndi malamulo a m'bwalo osiyana.

Manambala akapanda kugwirizana

Nthawi zina mumachulukitsa bwinobwino koma mapointi a pa mndandanda nkukhala ocheperapo. Musafulumire kukonza. Yang'anani kaye pansi pa mndandandawo ngati pali kanyenyezi kapena mawu ang'onoang'ono, chifukwa kawirikawiri timuyo imakhala kuti inalandidwa mapointi. Middlesbrough inalandidwa mapointi 3 mu 1996/97 chifukwa chosakasewera masewero ake ndi Blackburn Rovers pa tsiku loikika, ndipo inatuluka mu Premier League pamene mapointi atatuwo akanaipulumutsa. Portsmouth inalandidwa 9 mu 2009/10 pa mavuto a zachuma, Luton Town inayamba sizoni ya 2008/09 ili ndi ngongole ya mapointi 30, ndipo Everton inalandidwa mapointi 8 onse pamodzi mu 2023/24 chifukwa chophwanya malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Polemba mbiri, lembani manambala onse awiri, amene timu inapeza m'bwalo ndi amene inatsala nawo, kuti wowerenga asaganize kuti osewera anachita zoipa kuposa mmene zinalili.

Palinso zaka zimene timu ya pamwamba pa mndandanda sinakhale akatswiri. Ku Italy, nkhani ya katangale pa kasankhidwe ka oyimbira itaululika mu 2006, Juventus inalandidwa zikho za 2004/05 ndi 2005/06 nkutsitsidwira ku Serie B, gawo lachiwiri la ligi ya kumeneko. Chikho cha 2005/06 chinaperekedwa kwa Inter, ndipo cha 2004/05 sichinapatsidwe kwa aliyense. Ku France, Marseille inalandidwa chikho cha 1992/93 pa mlandu wogula masewero. Mliri wa Covid-19 utaimitsa mpira mu 2020, ku Netherlands anathetsa ligi popanda akatswiri, pamene ku France anagawa mapointi ndi masewero nkulengeza Paris Saint-Germain kukhala akatswiri. Pa zaka ngati zimenezi mndandanda wokha sukwanira, ndipo muyenera kufufuza chigamulo cha oyendetsa ligi.

Kusanja mbiri ya timu

Tsopano tengani pepala lalikulu kapena tsegulani tsamba la mizere pa kompyuta, ndipo sizoni iliyonse muipatse mzere wake. Pa mzerewo lembani chaka, dzina limene timu inkadziwika nalo panthawiyo, dzina la gawo la ligi, msinkhu wa gawolo, chiwerengero cha matimu, malo amene timu inamalizira, manambala onse a masewero ndi zigoli, ndipo kumapeto musiye mpata waukulu wa ndemanga. Mindandanda yakale mungaipeze kwa oyendetsa ligi, m'manyuzipepala akale, kapena pa intaneti kwa bungwe losunga zotsatira za mpira la RSSSF, koma mndandanda uliwonse muuyerekeze ndi wina wochokera kwina musanaukhulupirire.

Pa zonsezi, chofunika kusamala nacho kwambiri ndi msinkhu wa gawo, chifukwa mayina amanamiza. Ku England, kufikira mu 1992, First Division linali gawo lapamwamba. Premier League itayamba, dzina la First Division linapita ku gawo lachiwiri, ndipo mu 2004 gawo lachiwirilo linatchedwa Championship, lachitatu nkutchedwa League One, lachinayi League Two. Ine ndemwe ndinagwapo m'mbuna imeneyi pamene ndinkasanja mbiri ya Leicester koyamba. Ndinaona kuti mu 1995/96 inamaliza pa nambala 5 mu First Division, ndipo mu 1996/97 inamaliza pa nambala 9, ndiye ndinalemba m'mphepete kuti timu inabwerera m'mbuyo. Nditabwereza kuwerenga ndinazindikira kuti nambala 5 ija inali ya m'gawo lachiwiri, ndipo nambala 9 inali ya mu Premier League, kutanthauza kuti chimene ndinachitcha kutsika chinali kukwera kwakukulu.

Mankhwala ake ndi kupatsa timu nambala ya malo ake m'dziko lonse. Werengani matimu onse a m'magawo a pamwamba pake, muonjezepo malo ake m'gawo lake. Mu 1995/96 pamwamba panali matimu 20, ndiye nambala 5 ya m'gawo lachiwiri ndi nambala 25 m'dziko lonse, ndipo kuchoka pa 25 kufika pa 9 ndi kulumpha matimu 16. Njira yomweyi imaonetsa chinthu chodabwitsa pa zaka za 2008 ndi 2009. Mu 2007/08 Leicester inamaliza pa nambala 22 mu Championship nkutsikira ku gawo lachitatu koyamba m'mbiri yake, ndipo malo ake m'dziko anali 42. Sizoni yotsatira inatenga League One, ochemerera nkukondwera ndi chikho, koma malo ake m'dziko anali 45, popeza pamwamba pake panali matimu 20 a Premier League ndi 24 a Championship. Chaka cha chikho ndicho chinali chotsikitsitsa pa manambala, ngakhale kuti pa mtima wa ochemerera chaka chowawa chinali cham'mbuyocho. Mukalemba manambala amenewa motsatizana, 45 mu 2009, 21 mu 2014 pamene inatenga Championship ndi mapointi 102 m'masewero 46, 14 mu 2015, ndi 1 mu 2016, ulendo wonse umaoneka pa mzere umodzi.

Kumbukiraninso kuti malo pa mndandanda sanena okha za kukwera. Nambala 5 ya mu 1996 inakweza Leicester chifukwa ku England panthawiyo matimu awiri oyamba a gawo lachiwiri ankakwera mwachindunji, pamene a pa nambala 3 mpaka 6 ankasewera mpikisano wachipulula wolimbirana malo achitatu okwerera, ndipo Leicester inagonjetsa Crystal Palace 2-1 m'ndime yotsiriza ku Wembley. Ku Germany timu ya pa nambala 16 mu Bundesliga imalimbana ndi ya pa nambala 3 ya gawo lachiwiri. Ku Scotland ligi imagawidwa pawiri pakatha masewero 33, ndipo timu ya m'gulu lapansi singadutse ya m'gulu lapamwamba, choncho si zachilendo kuona ya pa nambala 7 ili ndi mapointi ambiri kuposa ya pa nambala 6. Kale matimu ena ankakwera pochita kuvoteredwa. Arsenal inalowa m'gawo lapamwamba mu 1919, pamene gawolo linkakuzidwa kuchoka pa matimu 20 kufika pa 22, ngakhale kuti mu 1914/15 sinamalize pa malo awiri oyamba a gawo lachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo sinatsikeponso.

Mipata m'zaka musaidzaze ndi zongoganizira. Ligi ya ku England inaima kuyambira 1915 mpaka 1919 chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo inaimanso mu 1939 patangoseweredwa masewero atatu, nkuyambiranso mu 1946. Masewero a m'zigawo amene ankachitika pa nthawi ya nkhondo sawerengedwa m'mbiri ya ligi. Pa zaka zimenezi ingolembani kuti ligi kunalibe.

Dzina la timu

Mukamafufuza m'mindandanda yakale kwambiri mudzafika poti dzina la timu yanu silikuonekanso, ndipo izi sizitanthauza kuti timuyo kunalibe. Leicester City inakhazikitsidwa mu 1884 ndi dzina lakuti Leicester Fosse, inalowa m'ligi mu 1894, ndipo dzina la lero inalitenga mu 1919. Manchester United inkatchedwa Newton Heath kufikira mu 1902, ndipo Arsenal inalowa m'ligi mu 1893 ikudziwika kuti Woolwich Arsenal, isanasamukire ku Highbury mu 1913. Pa matimu ngati amenewa mbiri ndi imodzi, ndipo mizere yakale ndi yatsopano imalumikizana popanda mkangano.

Zimavuta pamene timu yasamuka kapena yagulitsa malo ake m'ligi. Wimbledon ya ku London, imene inatenga chikho cha FA Cup mu 1988, inasamukira ku Milton Keynes mu 2003 ndipo chaka chotsatira inatchedwa MK Dons, pamene ochemerera ake anali atakhazikitsa kale timu yatsopano ya AFC Wimbledon mu 2002, imene inayambira m'maligi ang'onoang'ono. Mndandanda wa 2004/05 umaika MK Dons pamalo amene Wimbledon inasiya, koma ochemerera ambiri amaona AFC Wimbledon ngati mwini mbiri. Ku South Africa kugulitsa malo a m'ligi kumaloledwa, ndipo Bidvest Wits, imene inatenga ligi mu 2016/17, inagulitsa malo ake mu 2020 nkusowa pa mndandanda ngakhale sinatuluke m'ligi chifukwa cha zotsatira za m'bwalo. Maganizo anga ndi akuti wolemba asalumikize mizere ya matimu oterewa mwakachetechete. Jambulani mzere wolekanitsa pa chaka chimene zinasinthira, mufotokoze zimene zinachitika, ndipo zikho za timu yakale musazisamutsire kwa wogula malo.

Zimene mndandanda sunena

Mndandanda wa kumapeto kwa sizoni umabisa njira imene timu inayendamo. Mzere wa Leicester wa 2014/15 umangoti nambala 14, mapointi 41, ndipo wowerenga angaganize kuti chinali chaka chabata cha pakatikati. Koma itasewera masewero 29 timuyi inali kumchira kwenikweni ndi mapointi 19 okha, kenako inapambana masewero 7 mwa 9 otsiriza, inafanana mphamvu kamodzi nkugonja kamodzi, nkukolola mapointi 22 m'milungu yochepa. Wofuna kumvetsa chikho cha 2016 ayenera kuyambira pa milungu imeneyi. Nchifukwa chake ndi bwino, pa masizoni ofunika kwambiri, kupeza mindandanda itatu: wa kumayambiriro, wa pakati ndi wa kumapeto.

Mu mpata wa ndemanga uja lembanimo zimene manambala sangathe kunyamula, monga kusintha kwa mphunzitsi, kwa eni timu kapena kwa bwalo, ndiponso zikho zina zimene sizioneka pa mndandanda wa ligi. Pa Leicester mungalembe kuti Nigel Pearson, amene anaipulumutsa mu 2015, anachotsedwa sizoni itangotha ndipo m'malo mwake munalowa Claudio Ranieri, kuti inachoka ku Filbert Street mu 2002, kuti inatenga League Cup mu 1997 ndi mu 2000 pansi pa Martin O'Neill, ndiponso kuti inatenga FA Cup koyamba mu 2021 itagonjetsa Chelsea 1-0. Chenjerani pano kuti musasandutse ndemanga kukhala chifukwa. Kuti mphunzitsi anabwera ndipo timu inakwera ndi zinthu ziwiri zimene zinachitika motsatizana, koma kunena kuti choyamba ndicho chinabala chachiwiri kumafuna umboni wina woposa mndandanda.

Pomaliza kusanja, werengani masizoni amene timu yakhala m'gawo lililonse, pezani malo ake apamwamba kwambiri ndi otsikitsitsa, ndipo muone zaka zimene inakhalitsa pamalo amodzi. Pa Leicester mudzapeza kuti isanafike 2016 malo ake apamwamba anali nambala 2 ya mu 1928/29, pamene inatsalira ndi pointi imodzi yokha kumbuyo kwa Sheffield Wednesday, ndipo mudzapezanso kuti patangotha zaka 7 chitengereni ligi inatuluka mu Premier League mu 2023, nkubwereranso mu 2024 itatenga Championship, kenako nkutulukanso mu 2025. Pansi pa pepala lanu lembani tsiku limene mwalekezera kuwerenga, chifukwa chiwerengero chilichonse cha masizoni ndi zikho chimasintha ligi yotsatira ikatha, ndipo musiye mizere ingapo yopanda kanthu yolembamo masizoni akubwerawo.